Kugogoda Patebulo

Ndimaphunzitsa masamu ku sekondale ina muno mu Lusaka, ndipo mutu umene ndimakonda kwambili ndi probability. Ndaunena uwu poyamba kuti muone kuti zimene ndinacita usiku wina wa pa Cisanu ku Kabwata sizinali za umbuli. Masamu ndinali kuwadziwa.

Tinali asanu pakhonde la mnzanga, tikusewela poker ya Texas Hold'em. Aliyense amalandila makhadi awili, kenako asanu amaikidwa patebulo: atatu nthawi imodzi, lina, ndiye lothela. Ikafika nthawi yako ndipo palibe amene waponya ndalama, uli ndi njila ziwili. Ungabece, kapena ungagogode patebulo, kumene timati kuceka, n'kupitilila osaikapo kanthu.

Ndinali ndi Jeki ndi 10. Patebulo panagwa Jeki, 8 ndi 4, awili mwa iwo a hati. Majeki awili! Ndinabeca, onse anathawa kupatula mdala wina, makanika wa mau ocepa. Panagwa 2, ndinabecanso, mdala analipila. Ndinaganiza kuti akusaka hati wacisanu. Munthu wotele amadalila makhadi 9 pa 46 otsala, pafupifupi kamodzi pa kasanu. Mpaka apa kubeca kwanga kunali ndi mutu: wosaka azilipila kusaka kwake.

Khadi lothela linali Kingi wa sipedi. Mdala anagogoda. Pakati panali K300, m'thumba mwanga K200, ndalama ya mayuniti a malaiti imene mkazi wanga anandipatsa m'mawa.

Kubeca kuli ndi zifukwa ziwili cabe. Mwina ufuna wa makhadi ofooka akulipile, kapena ufuna wa makhadi amphamvu acite mantha, ataye. Ngati mdala anasaka hati n'kulephela, sakanalipila ngakhale ngwee. Ngati anali ndi Kingi, sakanathawa. Wa 8 m'manja mwina akanalipila, koma mdala uja sanali wotaya ndalama pa 8. Ndiye K200 yanga inali kupita kukagwila nchito yanji? Ndinali womaliza kusewela. Kugogoda kumodzi, tikanaonetsana makhadi kwaulele.

Koma kumbuyo kwanga mnyamata wina anati, "Ba Ticha, manje mwayopa?" Enawo anaseka. Ine amene ndimaima patsogolo pa kalasi tsiku lililonse, ana onse cete, ndinamva kutentha m'makutu. Ndinatulutsa K200 ija.

Mdala sanafulumile. Anawelenga ndalama zake, anaika, anatembenuza Kingi ndi Kwini, onse a hati. Hati wake sanabwele, koma Kingi anam'kwanila. Akusonkhanitsa ndalama anangoti, "Mwana wanga, sembe munagogoda cabe."

K300 ija inali itapita kale, ndipo sindiidandaula. Makhadi amatelo. Imene imandiwawa ndi K200, cifukwa sindinabecele mdala. Ndinabecela mnyamata wa kumbuyo uja, amene analibe ngakhale khadi limodzi m'manja.

Pa Sondo madzulo mita inalila, nyumba inada. Mkazi wanga sanakalipe. Anayatsa kandulo, anaika pafupi ndi mabuku a ana amene ndinali kuconga, n'kufunsa kuti, "Bashi mwana, mayuniti munagula angati?" Ndinamuuza zoona. Kukhala cete kwake kunatenga masiku atatu, ndipo ndinakongola kwa mphunzitsi mnzanga kuti tifike pa malipilo.

Sindinaleke kusewela, ngakhale tsopano ndalama ya panyumba imatsala panyumba. Cimene cinasintha ndi funso limene ndimadzifunsa dzanja lisanapite m'thumba: ndani adzandilipila, ndipo ndani adzathawa? Ngati yankho lili kumbuyo kwanga, pakati pa oonelela, ndimagogoda.

Mwezi watha mnyamata uja anatinso ndayopa. Ndinagogoda, ndinaluza K60 imene inali kale pakati, ndipo pobwelela ndinagula buledi.