Sikelo yathu inkanama



Ife a Fomu 3, amene timayendetsa kasitolo ka pasukulu pano, tili ndi nkhani yoti tiulule. Teremu yathayi tinkagula shuga wa m'matumba n'kumapima tokha m'timapepala ta theka la kilo. Tsiku lina mayi wina anabwera ndi shuga wake m'manja nati, "Ana inu, ndakayezetsa kwina, sakukwana uyu." Tinaika paketi yosatsegula ya kilo imodzi pa sikelo yathu, muvi n'kupitirira pa kilo. Ndiye kuti teremu yonse tinkamana anthu shuga wawo tisakudziwa.

Tinakangana madzulo onse. Phindu la kasitoloko linali logulira mabuku a mulaibulale. Ena anati tingokonza sikeloyo mwakachetechete, poti sitinachite dala. Mnzathu wina anatikumbutsa Surat Al-Mutaffifin, sura ya 83, imene imadzudzula anthu ochepetsa muyeso, komanso anthu a ku Madyan amene Mtumiki Shuaib (AS) anawachenjeza pa mlandu womwewu. Anati dzulo sitinkadziwa, koma lero tadziwa, ndipo kubisa kukhala kwadala.

M'mawa mwake tinakauza aphunzitsi aakulu. Lachisanu, itatha swala ya Jumu'ah, a shehe analengeza kuti onse amene ankagula shuga kwa ife abwere tidzawawonjezere. Phindu lonse linathera pamenepo, ndipo mabuku sanagulidwe mpaka lero. Zinatiwawa, sitinama.

Aphunzitsi athu a Business Studies ndi amene anatitsegula maso kuti zimene tinachitazo ndi ntchito imene anthu amalembedwa. M'makampani a masitolo akuluakulu mumakhala bwana woona kuti malonda akuyenda motsata malamulo ndi chilungamo. Iye amaonetsetsa kuti zakudya zodutsa masiku zachotsedwa pa shelefu, mtengo wolembedwa ndi womwewo umene munthu akulipira pa kauntala, ndiponso ogula katundu wa sitolo sakulandira ziphuphu kwa ogulitsa. Amatetezanso wantchito amene waulula zachinyengo. Amayenera kudziwa bwino ntchito ya Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo limayeza masikelo, ya Competition and Fair Trading Commission, kumene ogula amakadandaula, komanso ya nthambi ya Halaal ya Muslim Association of Malawi. Njira yake ndi maphunziro a zamalamulo ku University of Malawi ku Zomba, zowerengera ndalama ku MUBAS, kapena sayansi ya zakudya ku LUANAR. Koma digiri payokha siikwanira, chifukwa tsiku lina munthuyo amayenera kuuza abwana ake kuti katundu wa ndalama zambiri atayidwe.

Ambiri a ife fizi yathu imachokera ku kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi wa pa Lizulu. Tikudziwa kuti wogula akakhulupirira chidebe cha amayi athu amabweranso chaka chamawa. Mtumiki Muhammad (SAW) naye anali wamalonda, ndipo anthu a ku Makka ankamutcha Al-Amin, wokhulupirika, asanalandire uthenga.

Pempho lathu kwa a komiti ndi lakuti mutithandize kupeza sikelo yoyezedwa ndi a MBS. Ife tayamba kale kulemba m'kope tsiku limene katundu aliyense adzathe ntchito. Mabuku aja tidzagula teremu ikubwerayi, Insha Allah. Kwa mayi amene anatibwezera shuga uja, Jazakillah khair.