Zimene anaona owotcha makala a ku Ndola

Mukatuluka mumzinda wa Ndola ku Zambia kulowera ku Kitwe, pali msewu wopatuka wokafika pomwe panagwera ndege ya Dag Hammarskjöld, yemwe anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations. Nditafikapo ndinapeza malo a zii: mitengo, chipilala chachikumbutso, nyumba yosungiramo mbiri, ndi chulu chomwe amati mtembo wake unapezeka pambali pake.

Ngoziyi inachitika pakati pa usiku wa pa 17 kuchera pa 18 Seputembala 1961. Ndegeyo, ya mtundu wa DC-6, inkachokera ku Leopoldville, komwe lero ndi Kinshasa, ndipo mkuluyu ankadzakumana ndi Moise Tshombe kuti nkhondo ya ku Katanga ilekeke. Anthu onse 16 anamwalira, ngakhale mmodzi, Harold Julien, anakhalako masiku angapo m'chipatala.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya mboni. Usikuwo m'tchiremo munali anthu owotcha makala. Ena anati anaona ndege ziwiri, yaing'ono ikutsata yaikulu. Ena anaona moto ndege idakali m'mwamba. Ena anangomva chiphokoso. Komiti yofufuza ya boma la chitaganya, lomwe linkalamuliranso Nyasaland, sinalabadire kwenikweni mawu a anthu akudawa, ndipo inati woyendetsa ndiye anatsitsa ndege mopitirira muyezo.

Nditaima pansi pa mitengoyo ndinaona kuti thambo limaoneka mwa apo ndi apo. Wina akaona ndege ikukhota, mnzake amene ali patali pang'ono angomva kulira kwake. Tisaiwalenso kuti injini za ndege zakalezi zinkalavula timalawi ta moto potulukira utsi, tooneka bwino mumdima. Choncho wonena kuti anaona moto sananame, koma mwina moto wina unali wa masiku onse. Komabe timalawi totere sitingafotokoze za ndege yachiwiri yomwe anthu angapo anaitchula.

Mu 2017, Mohamed Chande Othman, yemwe anakhalapo mkulu wa majaji ku Tanzania, ataunikanso umboniwu anauza United Nations kuti n'kutheka ndithu ndegeyo inachita kuukiridwa.

Kwathu kubwalo la mfumu, mboni zikasiyana mawu sazithamangitsa. Amafunsa aliyense kuti anaima pati, nanga anayang'ana kuti. Owotcha makala a ku Ndola anayenera kumvedwa moteromo mu 1962, zonse akuzikumbukira bwino.