Lezala Limodzi, Mutu Umodzi

Ndimameta anthu pa Liwonde, kufupi ndi depoti ya basi, ndipo lusoli ndinaliphunzira kwa amalume anga ku Balaka. Zida zanga ndi makina awiri, sizasi, chipeso, burashi, botolo la sipiriti, Jik ndi paketi ya malezala. Pa zonsezi, chimene ndimachisamala kwambiri ndi lezala, chifukwa ndi lokhalo limene limatulutsa magazi kawirikawiri.

Munthu akangokhala pampando, ena amanong'ona: "Achimwene, makina anuwa sangandipatse kachilombo?" Sindikwiya nalo funsoli. Kachilombo ka HIV ndi koopsa kakakhala m'thupi, koma kunja ndi kofooka ndipo sikaswana. Bungwe la zaumoyo la ku America la CDC linafotokoza kuti magazi akauma, tizilombo 90 mpaka 99 pa 100 tilionse timatha mphamvu m'maola ochepa. Tsitsi, thukuta, nsalu yofunda pakhosi kapena mpando sizipatsira munthu Edzi. Kumene kamakhalitsa ndi m'kati mwa jakisoni, momwe magazi amabisala osauma. Kafukufuku anapeza kuti pamalo pozizira kakhoza kufika masiku 42. N'chifukwa chake ana asamatole majakisoni padzala.

Koma maola ochepawo ine ndilibe. Loweruka, kapena usiku woti mawa ndi Eid, benchi imadzaza mpaka panja. Wina akanyamuka, sipapita mphindi ziwiri mnzake wakhala kale. Ngati pokonza m'mbali kapena pometa ndevu ndadula kachiphuphu, magazi amakhala akadali aawisi. Apa ndiye pagona nkhani. Choncho lezala ndimalimasula m'pepala mwini mutu akuona, ndikatha ndimaliponya m'chitini chotseka. Silibwereranso, ngakhale likhale lakuthwa bwanji.

Makina ndiye amafuna kuleza mtima. Anzanga ena amangowaza sipiriti pamwamba pa tsitsi lomatirira n'kupitiriza, pamene sipiriti safika pansi pa litsiro. Ine ndimayamba ndi burashi, kenako ndimanyowetsa mano onse a makina ndi kudikira aume okha. Mano akapotoka amakanda khungu, ndiye m'mawa uliwonse ndimawalinganiza ndi kuwayesa padzanja langa. Akakhudza magazi ndimawamasula, kuwatsuka ndi sopo, kuwaviika mu Jik wosungunula kwa mphindi 10, kuwaumitsa ndi kuwathira mafuta kuti asachite dzimbiri. Makina achiwiri alipo chifukwa cha nthawi ngati imeneyi.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B, amene anthu pano sawatchula n'komwe. Kachilombo kake kamakhala ndi moyo masiku 7 kapena kuposa m'magazi ouma. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi muno mu 2002, kutanthauza kuti ambiri mwa ife akuluakulu sitinabayidwe. Palinso chipere, chimene chimafala msanga pamitu ya ana asukulu ngati makina sakutsukidwa.

Sindifunsa munthu ngati ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo sindidzafunsa. Kuyambira 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa ulere, abale athu ambiri akumwa mankhwala, akulima, akusodza mu Shire, akulera ana awo. Zimandipweteka ndikamva kuti wometa wina wabweza munthu chifukwa cha mphekesera. Ukasamala zida zako pamutu uliwonse, palibe woti um'thawe. Lamulo lomweli ndi limene azaumoyo amapempha angaliba kundagala ndi asing'anga otema mphini kuti alitsate.

Ngati mwachekedwa ndi chitsulo chimene chili ndi magazi a wina, tsukani ndi sopo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo, kaya cha Machinga pano pa Liwonde kaya cha Balaka. Mankhwala oteteza a PEP amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe. Ndipo mukabwera kudzameta, kwa ine kapena kwa wina aliyense, musachite manyazi: nenani kuti lezala alimasule inu mukuona.