Mantha a pa Dzenje Loyamba

Anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadziwa mpira wa miyendo, bawo ndi nsikwa, koma owerengeka okha ndiwo anaonapo masewera a gofu ndi maso awo. Masewerawa anachokera ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone. Ndi akalekale ndithu, pakuti m'chaka cha 1457 Mfumu James II inawaletsa, poona kuti anyamata analeka kuphunzira kuponya mivi chifukwa cha masewerawo. Malamulo ake oyamba analembedwa m'chaka cha 1744, ndipo m'chaka cha 1764 a ku St Andrews anakonza bwalo lawo kuti likhale la maenje 18, monga ali mabwalo aakulu kufikira lero.

Kaseweredwe kake n'kosavuta kufotokoza. Munthu amamenya kampira koyera kolimba ndi ndodo ya mutu wokhota kufikira katalowa m'dzenje lokhala ndi mbendera, nayambanso kulondola dzenje lina. Saloledwa kunyamula ndodo zoposa 14. Wopambana ndiye amene watsiriza maenje onse atamenya kochepa kuposa anzake.

M'mudzi wina wa pakati pa boma la Dowa ndi phiri la Ntchisi muli mkulu wina amene amawadziwa bwino masewerawa. Ali mwana ankaweta ng'ombe za amalume ake, namasewera ndi anzake pomenya maye ndi ndodo m'madambo. Likulu la dziko litachoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anyamata ambiri anatsika m'mapiri kukafuna ntchito, ndipo iye anali mmodzi wa iwo. Ntchito yoyamba imene anaipeza inali yonyamulira osewera thumba la ndodo pa Lilongwe Golf Club, bwalo la maenje 18.

Ananyamula thumba zaka zingapo, naphunzira ndi maso. Anadziwa ndodo yomenyera kutali ndi ndodo yokankhira mpira pa kapinga wosalala wa pafupi ndi dzenje. Anadziwa kuwerenga mphepo poponya udzu m'mwamba. Madzulo, osewera atapita, iye ndi anzake ankabwerekana ndodo imodzi yakutha, ndipo mpira unkamumvera bwino lomwe. Pambuyo pake anapeza ntchito ya ukalaliki, nasunga ndalama, nagula ndodo zogwiritsidwa kale ntchito, nalembetsa dzina lake pa mpikisano wa osewera wamba.

Tsono pali chinthu chimodzi chimene wonyamula thumba sangachiphunzire ndi maso. Pamabwalo ambiri malo oyambirapo amakhala pafupi ndi nyumba yopumuliramo, pamene pamasonkhana anthu odikira nthawi yawo. Mwambo wa gofu ndi wakuti munthu akamamenya, onse akhale chete, osayendayenda. Pa mpira wa miyendo wosewera amabisala pakati pa anzake ndi m'phokoso la oonerera. Pa gofu munthu amaima yekha, mpira uli phee pa kachikhomo, maso onse ali pa iye.

Tsiku limenelo maso anali a mitundu iwiri. Pakhonde panakhala anthu amene iye ankawanyamulira matumba kale. Pansi pa mitengo panaima anzake onyamula matumba, amene kwa iwo nkhaniyi inali yaikulu, pakuti akadalephera kukadamveka mawu akuti wonyamula thumba azinyamula thumba basi. Dzina lake litaitanidwa, mtima unagunda ngati ng'oma ya gule, m'kamwa munauma, ndipo zala zinanjenjemera kotero kuti mpira unagwa kawiri pa kachikhomo.

Mantha ali ndi njira yake yoonongera mmenyedwe. Munthu wamantha amafinya ndodo, mikono n'kuuma. Amafulumira kuti zithe msanga. Choipa koposa, amadzutsa mutu mpira asanaumenye, pofuna kuona kumene ugwere, ndipo mutu ukadzuka thupi limadzukanso, ndodo n'kudutsa pamwamba. Zitatu zonsezi zinamuchitikira. Ndodo inalira mumphepo, koma mpira unatsala pomwepo osagwedezeka.

Panali zii. Mkulu wina amene ankasewera naye anamva chisoni, nanena motsitsa mawu, "Bambo, tingoti mumayesera chabe. Yambaninso."

Koma lamulo la gofu ndi lakuti ngati munthu anatsitsa ndodo ndi cholinga chomenya, kumeneko ndi kumenya, ngakhale mpira sanaukhudze. Wodziwa cholingacho ndi mwini wake yekha. Iye anayankha, "Zikomo, bambo, koma ndimafuna kumenya ndithu. Lembani kamodzi."

Pamenepo mnzake wakale, amene anamunyamulira thumba tsikulo, anasendera nanong'ona, "Achimwene, anthuwa sangakumenyereni mpira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Yang'anani kampirako basi." Iye anapuma mozama, namasula zala, nasankha kadontho kamodzi kumbuyo kwa mpira, nakayang'anitsitsa kufikira anamva kuti khwaa! Mpira sunapite kutali kwenikweni, koma unagwa pakati, pa udzu wometa bwino. Sanapambane mpikisanowo. Anatsiriza maenje onse 18, nasaina khadi lokhala ndi chiwerengero choona, ndipo anzake a pansi pa mitengo anabwera kudzamugwira chanza mmodzimmodzi.

Anasewera zaka zambiri pambuyo pake, koma mantha aja sanathe. Nthawi zonse dzina lake likaitanidwa, m'mimba munkatentha monga tsiku loyamba, ndipo ankapola atayenda mapazi angapo kulondola mpira. Zimenezi sizigwera osewera wamba okha. Ngakhale akatswiri a mpikisano wa Ryder Cup, umene unayamba m'chaka cha 1927 ndipo masiku ano umapikisanitsa America ndi Europe, amavomera kuti manja awo amanjenjemera pa dzenje loyamba. Chimene munthu amaphunzira ndicho kumenya mpira mantha ali momwemo.

Lero mkuluyo anabwerera kumapiri, kumene amalima mtedza ndi chimanga. Ndodo imodzi ikadali m'nyumba mwake, ndipo adzukulu amaitulutsa kukamenyera zitsononkho pabwalo. Mdzukulu wina wamkazi ataitanidwa kukaimba yekha kutsogolo kwa mpingo, anadza kwa iye usiku, nati, "Agogo, ndikuopa. Nanga mawu akakanika?"

Mkuluyo sanamuuze kuti asaope, popeza anadziwa kuti uphungu wotere ndi wachabe. Anati, "Opa ndithu, mdzukulu wanga, pakuti munthu amaopa chinthu chimene akuchilemekeza. Koma usawerenge nkhope za anthu. Gwira mawu oyamba okha. Ukaphonya, usabise, yambanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha."