Cisanu ca ku Domwe

Ku Angónia kumazizira. M'mwezi wa Juni ndi wa Julayi mphepo imacita kulowa m'mafupa. Mvula yatha, cimanga cili m'nkhokwe, udzu wauma. M'mawa phiri la Domwe silioneka, lafunda nkhungu. Phiri limeneli ndi lalitali, limapitirira mamita 2,000. Alendo ocokera ku Tete, kumene kumatentha, akafika ku Ulongwe amayamba ndi kufunsa bulangete.

Ana a sukulu amaidziwa bwino nyengo imeneyi. Amayenda manja ali m'khwapa. Akapuma, pakamwa pamatuluka utsi, koma moto palibe. Zala zimauma, pensulo imakana kugwirika. Mphunzitsi wanzeru amayamba ndi nyimbo yoomba m'manja, kulemba kumabwera pambuyo.

Pamudzi wina pafupi ndi Domwe pali mtsikana wa kalasi yoyamba. Amakhala ndi agogo ake. Agogo aamuna ali ndi dimba kudambo. M'dimbamo muli matimati, nyemba ndi kabici. Matimatiwo ndi ofunika kwambiri. Akapsa, adzagulitsidwa kumsika wa ku Ulongwe. Ndalama zake ndi za juzi ndi makope a mtsikanayo.

Tsiku lina madzulo kumwamba kunayera mbee. Mtambo panalibe, mphepo inangoti zii. Agogo anayang'ana kumwamba nthawi yaitali.

"Nangozo, tiye ukandithandize kusenza udzu. Usiku uno cisanu cigwa."

"Mwadziwa bwanji, agogo?"

"Mitambo ndi bulangete la nthaka. Lero nthaka igona yosafunda."

Agogo ananena zoona. Masana nthaka imatenthedwa ndi dzuwa. Usiku, ngati kulibe mitambo, kutentha konse kumathawira kumwamba. Mpweya wozizira ndi wolemera, umatsika m'phiri ngati madzi n'kukagona kudambo. N'cifukwa cake cisanu cimakonda madimba, pamene munda wa pamtunda umapulumuka.

Awiriwo anafunditsa matimati ndi udzu, mzere ndi mzere. Udzu unali wocepa. Unatha asanafike pa nyemba, ndipo kunali kutada.

M'mamawa anathamangira kudimba. Dambo lonse linali loyera, ngati munthu wawaza ufa. Pansi pamalira tsekwe tsekwe akaponda. Mtsikana anakhudza tsamba, cala cinacita dzanzi. Kunali kokongola ndithu, koma agogo sanaseke. Dzuwa litakwera, zoyerazo zinasungunuka. Masamba a nyemba anafota, anada bii, ngati awathira madzi otentha. Kabici analibe kanthu, iye saopa cisanu. Nanga matimati? Anacotsa udzu pang'onopang'ono. Anali obiriwira, onse amoyo.

Anakhala pansi kuothera dzuwa. Apo mtsikana anakumbuka cithunzi ca m'buku la kusukulu. Pacithunzipo panali phiri loyera, ndi anthu akutsetsereka pa matabwa.

"Agogo, kodi cija n'cisanu ngati ici?"

"Iyayi, mdzukulu wanga. Cija n'cipale cofewa. Ine ndinaciona ndi maso angawa."

Agogo ali mnyamata anagwira nchito ku Joni. Mu Sepitembala caka ca 1981, cipale cofewa cinagwa mumzinda wa Johannesburg. Cinatsika kumwamba mwakacetecete ngati thonje. Madenga, misewu ndi magalimoto zonse zinayera. Akuluakulu anasiya nchito n'kumagendana naco ngati ana. Anzawo a ku Lesotho ankangowaseka, cifukwa kwawo cimagwa kawirikawiri.

Cipale cofewa pa Cipwitikizi amati neve. Cimapangika m'mitambo yozizira kwambiri, kenaka cimagwa ngati mvula. Si matalala ayi. Matalala ndi olimba, amaboola masamba a fodya ndi cimanga. Cisanu nconso ndi cina. Anthu amati cisanu cagwa, koma sicicokera kumitambo. Cimabadwira pa tsamba pomwepo. Cinyezi ca mumpweya cikakhudza tsamba lozizira kwambiri, cimauma n'kuyera. Cipale cofewa cimafuna mitambo, cisanu cimafuna kumwamba koyera.

Dziko la Lesotho ndi la mapiri ambiri. Mapiri a Maluti amapitirira mamita 3,000, ndiye kuti Domwe ndi mng'ono wawo. Kumeneko kuli malo ena, dzina lake Afriski. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti alendo amapitako kukasewera. Amamanga matabwa awiri aatali kumapazi, amagwira ndodo ziwiri, n'kutsetsereka kucokera pamwamba mpaka pansi. Masewerawo amati ski. Cingwe ca makina cimawakokera pamwamba kuti atsetserekenso. Zaka zina cipale cimacepa. Pamenepo eni malo amapopera madzi m'mwamba ndi makina usiku wozizira, madziwo amagwa atasanduka cipale. Ndipo alendo amalipira ndalama zambiri.

Agogo atamva za kulipira anaseka mpaka kutsokomola. "Kugula mphepo ndi ndalama! Abwere kuno, tiwapatse yaulere, atithandizenso kusenza udzu."

Mtsikana sanaseke nawo kwenikweni. Mumtima ankafuna kutsetsereka pa phiri loyera, ngakhale kamodzi kokha. Ndani angamudzudzule? Iye ndi anzake amatsetsereka kale pa udzu wouma wa m'mbali mwa phiri, atakhalira thumba lakale. Zovala zimang'ambika, amayi amakalipa, mawa lake apitanso.

Nyemba zinafa, agogo anazula. Anati adzabzala zina mu Ogasiti, kukayamba kufunda. Tsiku lomwelo anamweta udzu wina wambiri, wokwanira dimba lonse. Tsopano nchito ya mtsikana ndi iyi: madzulo aliwonse amayang'ana kumwamba. Akaona mitambo, amakagona. Akaona nyenyezi zambiri, ndipo masamba a mitengo sakugwedezeka, amathamanga kukaitana agogo.