Peugeot ya malume idapendekera kumanzere

Galimoto yokalamba siibisa mbiri yake. Mutha kuipaka penti yatsopano, kuisokera mipando, ngakhale kuilemba vesi kumbuyo, koma munthu akaima chapatali n'kuona momwe yakhalira pa matayala ake, amadziwa katundu amene yasenza pamoyo wake. Ina imagwada kumbuyo ngati ikupepesa kwa amfumu. Ina imapendekera mbali imodzi ngati denga lodyedwa ndi chiswe.

Yathu idapendekera kumanzere. Ndi pikapu ya Peugeot 404, yomwe malume anga adayendetsa zaka zambiri kuzungulira Bembeke, kutuma mbatata ya kachewere, kabichi ndi anthu a matola. Achinyamata a lero amaiseka, koma mtundu wake si wamasewera. Kampani ya Peugeot idayamba kupanga 404 ku France mu 1960, ndipo galimotozi zidapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Ku Kenya adapitiriza kuzilumikiza mpaka 1991. Zampikisanozo zinali zazing'ono zonyamula anthu. Pikapu adaipangira katundu, n'chifukwa chake kumbuyo kwake kuli masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikizana.

Malume atatsikira kuli chete, galimoto idagwera ine, mwana wa mlongo wawo. Pa msonkhano wa banja ena adati tiigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, tigawane ndalama. Amayi sadayankhule zambiri. Adangofunsa kuti, "Nanga mbatata yanga idzapita kumsika pamutu pa yani?" Funso limenelo ndilo lidaipulumutsa, chifukwa kuno kumapiri a Dedza mlimi wopanda chonyamulira amagulitsira m'munda, pa mtengo umene wogula wafuna.

Matenda a galimoto ali ngati a munthu: aliyense wobwera kudzazonda amabwera ndi mankhwala ake. Wina adati tigule mashoko atsopano. Wina adati tingolowetsa thabwa la mlombwa pakati pa sipuling'i ndi difu. Wachitatu adalonjeza kuwotcherera chilichonse chomwe chathyoka. Ine ndidapita nayo kwa makaniko wina wachikulire pa Dedza boma, yemwe adakulira pansi pa galimoto za mtundu womwewu.

Mkuluyo sadagwire sipanala. Adatenga tepi yopimira, n'kundiuza kuti nditsitse chilichonse, mpaka tayala lapadera.

"Mwana wanga, mashoko sasenza galimoto," adatero. "Ntchito yawo n'kuiletsa kudumphadumpha basi. Chosenza ndi sipuling'i. Aliyense wokuuza kuti mashoko aikweza akufuna ndalama zako."

"Ndiye tiyambira pati, bambo?"

"Pa simenti yosalala. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Tidaiimika pamalo athyathyathya, tidapopa matayala onse mofanana, kenaka tidaigwedeza kangapo kuti ikhazikike. Iye ankapima kuchokera pakatikati pa gudumu kukafika m'mphepete mwa madigadi, osati kuchokera pansi, kuti kutha kwa tayala kusatinamize. Kumbuyo kumanja tidapeza masentimita 41, kumanzere 36. Kutsogolo nako kunali kosiyana: mbali ya dalaivala idakwera pang'ono.

Apa mpomwe ambiri amasokera, amakonza kutsogolo pomwe palibe vuto. Galimoto ili ngati tebulo la miyendo inayi, mwendo wakumbuyo kumanzere ukafupika, ngodya yakutsogolo kumanja imadzuka. Kuti atsimikize, mkuluyo adaika jeke pakati penipeni kutsogolo n'kukweza mpaka matayala awiriwo atasiya pansi. Kumbuyo kudapendekerabe. Wolakwa adapezeka.

Titalowa kunsi, nkhani yonse inali poyera. Chitsulo chachiwiri cha sipuling'i yakumanzere chidathyoka pafupi ndi bawuti yapakati, mothyokamo muli dzimbiri lakalekale. Zitsulo zinazo zidataya uta wake, zidagona chathyathyathya. Mabushi a labala kumapeto adadyeka mpaka chitsulo kukhudza chitsulo. Mphira woletsa difu kugunda chasisi udaphwanyika, kusonyeza kuti kwa zaka zambiri galimotoyi inkayenda itakhalira pamenepo. Mwayi wake chasisi sidapindike.

Ndidafunsa chifukwa chake mbali yakumanzere ndiyo idatopa msanga. Yankho lili mumsewu. M'Malawi muno timayendetsa kumanzere, ndipo msewu umatsetsereka kuchoka pakati kupita m'mbali kuti madzi a mvula azitsika. Kulemera kwa katundu kumatsamira kumeneko. Matayala akumanzere ndiwonso amagwera m'mphepete modyeka mwa phula popatukira malole a pa M1. Onjezani matumba a kachewere, aja osokerera chisoti pamwamba, ndi anthu khumi okhala pamatumbapo.

Pikapu yotereyi adaipangira katundu wosapitirira tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, popanda munthu pamwamba. Malume sankawerenga. Sankatha kusiya mayi woyembekezera pamsewu, kapena kukana maliro ofuna kupita kumudzi. Ukoma mtima wawo wonse udalembedwa pa zitsulo zija.

Kukonza kudatenga masiku atatu. Mkuluyo adakana kuwotcherera chitsulo chothyokacho, ati moto umapha mphamvu yake ndipo chimathyokanso pomwepo. Tidasaka china chofanana nacho pa galimoto yakufa. Adamasula masipuling'i onse awiri, ngakhale yakumanja inkaoneka yabwino, chifukwa ukakonza mbali imodzi yokha galimoto imapendekera kwinako. Chitsulo chilichonse adachisula ndi hamala pa chidutswa cha njanji, osachitenthetsa, akuchiyerekeza ndi mzere wa choko womwe adajambula pansi. Mabawuti a mabushi atsopano adawamanga galimoto itatsika kale pa jeke, itaima pa matayala ake, kuti labala asapotokole n'kung'ambika.

Alipo eni mapikapu omwe amapempha kuti awonjezere zitsulo zitatu kapena zinayi, kumbuyo kutukuke ngati tambala. Mkuluyo amawabweza. Kumbuyo kukakwera mopitirira, galimoto yopanda katundu imauma, matayala amadumpha pa mabampu, ndipo ukaponda buleki imatsetsereka. Kukagwa mopitirira, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero sichimvera bwino, nyali zimaloza kumwamba n'kuthobwa m'maso anzako. Ndipo kuwonjezera zitsulo sikuwonjezera mabuleki. Amene adatsikapo Khwekhwerere kupita ku Golomoti, m'makona aja okhotakhota phompho lili pambali, akudziwa kuti masentimita asanu si nkhani yokongoletsa galimoto.

Titapimanso tidapeza 42 mbali zonse. Manambalawo ndidalemba m'kope lomwe ndimalembamo ndakatulo, ndipo pakutha pa nyengo iliyonse yokumba mbatata ndimapimanso.

Chovuta chidatsala n'cha pakamwa. Tsiku la msika anthu amaimabe m'mbali mwa msewu, akudziwa kuti galimoto ya malemu sidutsa munthu. Ndimanyamula matumba 14 ndi anthu atatu, otsalawo ndimawauza kuti ndibweranso. Ena amadandaula kuti mwanayu sadatengere malume ake. Mawuwo amandiwawa, koma ndimabweradi ulendo wachiwiri, mafuta ake n'kulipira ndekha. Amayi amati ndikuwononga ndalama. Komabe mbatata yawo ikufika kumsika, ndipo anthu onse akutsika ndi miyendo yawo.