Mabuku Otha ndi Ukwati

Pali mtundu wina wa mabuku umene suvuta kuuzindikira ngakhale uli patali. Pachikuto pamakhala mtsikana wovala diresi lofika kuzidendene, kumbuyo kwake kanyumba kamatabwa, mwina ngolo ya akavalo, ndipo chapatali mwamuna wachipewa akuyang'ana kumbali ngati sizikumukhudza. Nkhani yake imachitika zaka 100 kapena 150 zapitazo, m'katauni kena ka ku America, Canada kapena England, kokhala ndi sitolo imodzi, tchalitchi chimodzi, sukulu ya chipinda chimodzi, ndi mayi mmodzi wamiseche wodziwa za aliyense. Zolaula mulibe. Anthu awiri amatha masamba 200 akungoberana maso, ndipo akagwirana dzanja ndiye kuti buku latsala pang'ono kutha. Mathero ake ndi ukwati, nthawi zonse.

Mabuku amenewa amafika kuno ngati kaunjika. Mumawapeza atayalidwa pansi m'makonde a masitolo ku Limbe, pakati pa mabuku akale a sayansi ndi a maphikidwe a zakudya zimene sitidya. Masamba ake amakhala atachita chikasu, ena ali ndi chidindo cha laibulale ya tauni yakutali imene inatopa nawo. Akalowa kuno ku Mpingwe amayenda nyumba ndi nyumba ngati sefa yobwereka. Mwini wake weniweni amaiwalika. Nyengo ya chiperoni, phiri likabisala m'nkhungu ndipo magetsi atathima, ndi pamene amasowa kwambiri, poti aliyense wakumbatira lake.

Chimene chimandisangalatsa ine si mabukuwo kwenikweni, koma zimene anthu amanena akamabweza.

Limene layenda kwambiri m'dera lathu ndi Love Comes Softly la Janette Oke, mayi wa ku Canada, lomwe linatuluka mu 1979. Mtsikana wina dzina lake Marty wangofika kumene kudera lachilendo ndi mwamuna wake, ali woyembekezera, ndipo mwamunayo wamwalira pangozi. Tsiku la maliro lomwelo, bambo wina wamasiye, Clark Davis, akumuuza kuti akwatirane, osati chifukwa cha chikondi, koma kuti kamwana kake kapeze woyang'anira ndipo Marty apeze pogona nyengo yozizira. Mayi ena a Mvano oyandikana nafe atafika pamenepa anatseka buku n'kubwera nalo kukhomo kwathu.

"Koma inu, tsiku la maliro lomwelo? Dothi la pamanda lisanaume? Nanga ankhoswe ali kuti? Achibale a malemu anawauza?"

Tinaseka, koma mayiwo sankaseka. Anabwerera nalo bukulo, ndipo patatha masiku atatu anatuma mdzukulu kudzafunsa ngati lotsatira lake lilipo.

Azakhali anga anagwira unamwino zaka zoposa 30, zambiri mwa izo usiku, ndipo zina zinali zaka zija za m'ma 1990 pamene odwala ankagona mpaka pansi pa mabedi. Iwo ndiwo amawerenga mabuku amenewa kuposa wina aliyense amene ndimamudziwa. Ukawanena kuti onse ndi ofanana ndipo mathero amadziwikiratu, amakuyang'ana pamwamba pa mandala.

"Mwana wa achimwene, imfa ndaiona yokwanira. Ndikatsegula buku ndimafuna ndidziwiretu kuti palibe amene andifere m'manja."

Amanenanso kuti nyimbo ya m'buku la kutchalitchi timaidziwa mmene ithere, koma palibe amene amasiya kuimba chifukwa cha zimenezo. Kwa iwo chokoma si funso loti kodi akwatirana? Chokoma ndi njira: mawu amene munthu wameza, mkate umene wapserera chifukwa wophika maganizo ali kwina, mphatso yosiyidwa pakhomo popanda dzina.

Alamu anga, amene amaphunzitsa mbiri yakale kusekondale, sagwirizana nazo n'komwe. Anawerengapo awiri, ati pofuna kudziwa chimene chimapsereretsa ndiwo kunyumba kwawo. Mfundo yawo ndi yakuti katauni kokongolako kanamangidwa pamalo a eni. Ngolo zija zinkapita kumadzulo kwa America kukatenga malo amene anthu ena anali atakhalapo kuyambira makolo awo, koma m'mabukumo anthuwo saoneka, kapena amangodutsa chapatali ngati mthunzi. Ndipo ndi zaka zomwezo, amatero alamu, pamene kuno azungu ankatenga malo a ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu n'kuyamba kugwiritsa makolo athu thangata. "Ndiye ine, mdzukulu wa munthu wa thangata, ndizilirira mwini esiteti chifukwa chibwenzi chake chachedwa kuyankha kalata?"

Funso limenelo silopepuka, ndipo azakhali alibe yankho lake. Amangoti, "Aphunzitsi, inu werengani za Chilembwe, ine mundisiye ndipume."

Maganizo amene anandikhala mumtima nthawi yaitali ndi a mtsikana wina wa zaka za m'ma 20 amene amakhala m'kambulera kotumizira ndalama za pafoni pafupi ndi siteji ya minibasi. Amawerenga pakati pa makasitomala, chala chili pa mzere. Iye za madiresi ataliatali ndi akavalo alibe nazo ntchito. Chimene amakonda ndi chakuti mwamuna wa m'bukumo amadikira. Amawaza nkhuni, amakonza denga, amafunsa, ndipo akauzidwa kuti ayi sakwiya, satukwana, salanda zimene anapereka. "Achemwali, ine sindinamuonepo wotere. Koma bola ndikudziwa kuti wina anamuganizirako." Komabe ali ndi dandaulo lake. Ati m'mabukumo ndalama sivuta kwenikweni: ngongole ikafika pakhosi, kumatulukira chuma cha amalume amene anamwalira kutali. Ndipo onse ndi azungu. Palibe wooneka ngati iye, palibe wotchedwa dzina la kwathu.

Abambo ambiri amangoti ndi mabuku a azimayi. Koma mkazi wina anatiuza kuti amati akasiya buku pampando atapinda tsamba, m'mawa amapeza lapindidwanso pena kutsogolo. Panyumbapo amakhala awiri okha.

Dandaulo la mtsikana wa m'kambulera lija ndi limene likundilembetsa lero. N'chifukwa chiyani chikondi chofatsa timachita kuitanitsa kunja ngati feteleza?

Si kuti kwathu kuno sitinalembe. Samuel Josiah Nthara anatulutsa Nthondo mu 1933. John Gwengwe, E. J. Chadza ndi anzawo anatisiyira mabuku amene ambirife tinakula nawo. Konkuno ku Limbe, a Popular Publications anayamba kusindikiza mabuku a alembi a Chimalawi m'zaka za m'ma 1970, ndipo magazini ya Moni inkafika mpaka kumidzi. Koma tangomvani mitu ya mabuku athu otchuka: Madzi Akatayika la Willie Zingani, Ikakuona Litsiro Sikata ndi Mtima Sukhuta a Jolly Max Ntaba. Mitu imeneyi ndi miyambi, ndipo mwambi umabwera kudzachenjeza. Ndimawakonda mabuku amenewa, ndipo Chichewa chake n'chonona kuposa chimene ambirife tingalembe lero. Koma m'nthano zathu zambiri, za m'mabuku, za m'nyuzipepala ngakhale masewero a pawailesi, chikondi chimabwera ngati msampha. Mtsikana akamwetulira patsamba loyamba, woweruza wakonzekera kale. Kumapeto kuli mimba yokanidwa, ndende, misala kapena maliro, kenaka phunziro.

Zifukwa zake zilipo. Mabuku oyambirira anatuluka m'manja mwa amishoni, ndipo msika waukulu wa buku la Chichewa wakhala uli sukulu, kumene buku limayenera kulangiza. Kuyambira mu 1968 kunalinso lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo mlembi aliyense ankalemba akudziwa kuti pali diso lina limene liwerenge asanawerenge wina aliyense. Aubrey Kalitera anayesa njira ina: ankasindikiza yekha mabuku ake achikondi pansi pa dzina la Power Pen Books, n'kubweretsa nkhani zake m'misewu ya Blantyre yomwe ino, mpaka ku phiri la Ndirande. Koma ankalemba m'Chingerezi. Kusekondale tinkabisa Mills & Boon ndi Pacesetters pansi pa desiki, nazonso m'Chingerezi. Mapeto ake tinakula tikumva ngati chikondi chokoma chimayankhula Chingerezi, pamene Chichewa ntchito yake n'kulangiza ndi kukalipa.

Chikhalirecho katauni tili nako, ndipo tikukhalamo. Limbe sanali chipwirikiti cha minibasi ndi mavenda chimene tikuona lero. Njanji inafika mu 1908, chaka chomwecho kampani ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake, ndipo Limbe anakhala tauni payekha mpaka mu 1956 pamene anaphatikizidwa ndi Blantyre. Taganizirani Limbe wa nthawi imeneyo: siteshoni ya sitima, fungo la fodya, masitolo a amwenye okhala ndi telala pakhonde, kalaliki wophunzira kumishoni wopalasa njinga atavala kabudula ndi masokosi aatali, mtsikana wa Chilomwe amene makolo ake anawoloka kuchokera ku Mozambique kudzagwira ntchito m'maesiteti. Aliyense ankadziwa mnzake. Mayi wamiseche uja analiponso, ndithu.

Ndipo mwambo wathu unali kale ndi zonse zimene owerenga mabukuwa amafuna. Amafuna kuchedwa? Kufunsira mbeta kunali ndi njira yake: mnyamata sankangolowa, ankadzera kwa amalume, ankhoswe ankakhala pansi, chikole chinkaperekedwa. Amafuna mwamuna wodikira? Nanga mkamwini, amene ankasiya kwawo n'kukamanga nyumba kwa mkazi, kulima munda maso a mudzi wonse ali pa iye, n'kumapatukira kutchire akaona apongozi akubwera panjira? Amafuna makalata? Amuna zikwizikwi anapita ku Joni ndi ku Halale, ena kudzera pa Wenela mpaka Kamuzu ataimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Kalata ya mwamuna inkalembedwa ndi mnzake wodziwa kulemba, ndipo kumudzi inkawerengedwa ndi mwana wasukulu mkazi atakhala pamphasa. Anthu awiri okondana, mawu awo akudutsa pakamwa pa anthu ena awiri. Mawu ati amene ukanayerekeza kunena? Ati amene unkangoyembekezera kuti mnzako amva yekha? Buku lonse lili pamenepo.

Alamu anga akhoza kunena kuti mbiri yathu ndi yowawa kwambiri moti shuga sangalowemo. Ine ndikuona mosiyana. Tengani njala ya 1949, imene inagunda boma la Blantyre lomwe lino. Megan Vaughan, amene anafufuza za njalayi n'kulemba buku The Story of an African Famine mu 1987, anapeza kuti amayi ankaikumbukira ngati chaka chimene maukwati ambiri anatha. Amuna ankachoka ponena kuti akukasuma chakudya, ena osabweranso, atakwatira kumene anapeza nsima. Amayi anasunga zimenezi m'nyimbo zapamtondo. Koma analiponso amene anabwerera, atayenda masiku ndi katundu pamutu. Mwamuna amene wafika kumene kuli chakudya, wakhuta, palibe amene angamukakamize, koma akusenza dengu n'kuyamba ulendo wobwerera kumene kuli njala. Kodi Clark Davis ndi nkhuni zake angafanane ndi ameneyo?

Apa ndi pamene ndikuona kuti azakhali ndi alamu akhoza kukumana. Alamu akufuna kuti thangata, msonkho ndi njala zisabisidwe. Azakhali akufuna kuti pamapeto pake anthu awiriwo akhale moyo ndipo akhale limodzi. Zinthu ziwirizi sizitsutsana. Kutha bwino kumakhala bodza pamene mlembi wachotsa minga yonse m'njira, kapena wagwetsa chuma cha amalume kuchokera kumwamba. Koma anthu anakondanadi m'nthawi ya thangata. Anakondana mu 1949, anakondana mu 1959 asilikali ali m'misewu. Ena mwa iwo anakalamba limodzi, ndipo ife ndife umboni wake. Kulemba za iwo okhawo amene anasiyidwa n'kunenanso theka la choonadi, monga mmene amachitira mabuku a akavalo aja, kungoti theka linalo.

Vuto ndi lakuti eni nkhanizi akutha. Amene anali ndi zaka 10 nthawi ya njala ija lero adutsa zaka 80. Timawafunsa za mankhwala awo a BP, za malire a munda, za amene adzatenge nyumba. Sitiwafunsa kuti munakumana bwanji. Poyamba amakana, amaseka, amati zimenezo n'zachibwana. Muwapeze manja ali pa ntchito, akutongola chimanga kapena akusankha nyemba, ndipo musawayang'ane kumaso.

Agogo ena a ku Bangwe, amene amuna awo anatisiya zaka zingapo zapitazo, anandiyankha motere nditawafunsa. Ati ankachokera kuchigayo ku Limbe Loweruka lina, dengu la ufa pamutu, ndipo mnyamata wina wa ku njanji anaima n'kulikweza panjinga yake. Anayenda wapansi onse awiri, iye akukankha njinga, mpaka kufika pafupi ndi mudzi, osalankhula kanthu. Loweruka lotsatira chimodzimodzi. Lachitatu lakenso chimodzimodzi.

"Nanga lachinayi, agogo?"

"Lachinayi anandifunsa kuti amalume ako ndani."

Anaweramira m'lichero n'kupitiriza kusankha nyemba, koma ndinaona kuti akutaya zabwino n'kusiya zofumbwa.